Injini Ikafa Waranti Isanathe: Mbiri ya Chilema cha Malonda Kuchokera ku Madina Kufika pa Chimbiya

Tikuyamika Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Chaka chatha, titangomaliza Swala ya Asr, m'bale wina wa mumzikiti wathu pano pa Chimbiya anandipeza pakhonde atagwira pepala lopindapinda. Anali atagula lole ya matani atatu kwa wogulitsa magalimoto wina ku Lilongwe, ndi ndalama zimene anasunga zaka zambiri kuphatikizapo za mlamu wake. Pepalalo linkati injini ndi giyabokosi zili pa waranti ya miyezi itatu. Patangotha masabata asanu ndi limodzi, ali pamsewu wa M1 atanyamula tomato ndi kachewere, injini inatentha, inayamba kugogoda, n'kuzima. Analipira bulekidauni yokokera loleyo ku Lilongwe, anachita hayala galimoto ina yonyamula katundu, ndipo tomato wambiri anafika pamsika ataphwanyika. "Shehe," anatero, "injini akuti akonza. Nanga ya bulekidauni, ya hayala, ndi tomato wanga, alipira ndani?"

Nditawafotokozera ophunzira anga nkhaniyi, mmodzi anati waranti ndi chinthu cha masiku ano ndipo mabuku athu sangaidziwe. Iyayi. Mabukuwo sadziwa galimoto, koma amadziwa bwino munthu amene wagula chokwera, wapita nacho kutali, n'kupeza kuti chili ndi vuto limene silinkaoneka pamsika. Ma ulama anakambirana za munthu ameneyu kwa zaka zoposa 1,000 m'mutu wotchedwa khiyar al-ayb, kutanthauza ufulu wa wogula wosunga kapena kubweza katundu wopezeka ndi chilema. Tikatsata mbiri ya mutu umenewu tipeza kuti iwo anasiyanitsa zinthu zitatu: chilema, lonjezo, ndi chinyengo. Yankho la m'bale wathu lagona pa kusiyanitsa kumeneko.

Msika wa ku Madina

Imam Muslim analemba nkhani yochokera kwa Abu Hurayra (Allah asangalale naye) yoti Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anadutsa pa mulu wa chakudya pamsika, napisamo dzanja, ndipo zala zake zinakhudza chonyowa. Mwini mulu anati mvula ndi imene inachinyowetsa. Mtumiki anamudzudzula chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, nachenjeza mwamphamvu za chinyengo. Tionetsetse: kugulitsa chakudya chonyowa sikunaletsedwe. Chinaletsedwa ndi kubisa. Galimoto yotopa ikhoza kugulitsidwa, bola wogula auzidwe kuti ndi yotopa.

Nkhani yachiwiri ndi ya musarrat. Anthu ena ankaleka kukama ngamira kapena nkhosa masiku angapo asanapite nayo kumsika, kuti bere litupe, wogula ayese kuti ndi ya mkaka wambiri. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli chigamulo choti wogula akakama n'kuona zenizeni, ali ndi ufulu wosunga chiwetocho kapena kuchibweza pamodzi ndi muyeso umodzi wa tende wotchedwa sa', kulipira mkaka umene wakama. M'mabuku a Muslim mwatchulidwanso masiku atatu. Imam Malik, Imam Shafi'i ndi Imam Ahmad anagwiritsa ntchito chigamulochi monga chilili. Wothira oyilo wolimba mu injini kuti utsi usaoneke tsiku logulitsa, kapena wobweza m'mbuyo makilomita pa dashibodi, ndi mdzukulu weniweni wa womanga bere la ngamira.

Yachitatu ndi ya mayi Aisha (Allah asangalale nawo), yolembedwa ndi Abu Dawud ndi Ibn Majah. Munthu wina anagula kapolo, namugwiritsa ntchito kwa nthawi, kenako anapeza chilema, ndipo Mtumiki analamula kuti abwezedwe. Wogulitsa anadandaula kuti mnzakeyo wapindula kale ndi ntchito ya kapoloyo. Yankho linali loti phindu limatsata amene wasenza chiopsezo: kapoloyo akanafera m'manja mwa wogula, wotaya anali wogulayo, choncho phindu la masiku amenewo ndi lake. Mfundo imeneyi inadzakhala mzati wa fiqh ya malonda.

Pano ndiyenera kunena poyera kuti zigamulo zambiri za mutu uno zinaperekedwa pa malonda a akapolo, malonda amene dziko lathu linamva kuwawa kwake m'zaka za m'ma 1800, ndipo tikuyamika Allah kuti anatha. Sitikuziwerenga pozilakalaka. Tikuziwerenga chifukwa m'menemo ndi m'mene ma kadhi anayamba kuyesa funso la chilema chobisika pa katundu wamtengo wapatali.

Kavalo wa Umar ndi lumbiro la Ibn Umar

Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) anatenga kavalo kwa munthu wina kuti amuyese asanagule. Kavaloyo anavulala ali m'manja mwake, ndipo mwini wake anakana kumulandira. Anagwirizana kuti Shurayh awaweruze, ndipo Shurayh anagamula mokomera mwini kavalo: Umar anamutenga ali bwino, choncho amubweze ali bwino, apo ayi alipire. Umar sanakwiye. Anamutumiza Shurayh ku Kufa kukakhala kadhi, ntchito imene anaigwira zaka pafupifupi 60. Phunziro lake ndi lowawa kwa ogula: si kuwonongeka kulikonse kumene kumabwerera kwa wogulitsa. Dalaivala akayenda popanda madzi mu lediyeta, kapena akaona nyale yofiira ya oyilo iye n'kumapondabe moto kuti akafike pamsika, kavaloyo wavulala m'manja mwake.

Imam Malik, amene anamwalira m'chaka cha 179 Hijri (795), analemba mu Muwatta nkhani ina. Abdullah ibn Umar anagulitsa kapolo pa madirham 800, ndi mfundo yoti iye alibe mlandu pa chilema chilichonse. Wogula anapeza nthenda imene sanauzidwe, ndipo mlandu unapita kwa Khalifa Uthman ibn Affan. Uthman sanakane mfundoyo, komanso sanaivomere mwachimbulimbuli. Anauza Ibn Umar kuti alumbire kuti pogulitsa sankadziwa za nthendayo. Ibn Umar anasankha kusalumbira, analandira kapoloyo n'kubweza ndalama. Kapoloyo anachira, ndipo pambuyo pake anamugulitsa pa madirham 1,500.

Masiku ano pa malisiti a galimoto zakale pamalembedwa kuti katundu wagulitsidwa mmene alili ndipo sabwezedwa. Chigamulo cha Uthman chikutiphunzitsa kuti mawu otere saphimba chimene wogulitsa ankachidziwa. Funso loti "kodi unkadziwa?" linalowa m'mabuku kuyambira pamenepo, ndipo tikumana nalonso kutsogoloku.

Masiku atatu ndi chaka chimodzi

Chinthu chofanana kwambiri ndi waranti m'mbiri yathu chimatchedwa uhda. Mu Muwatta momwemo mwalembedwa kuti Aban ibn Uthman ndi Hisham ibn Isma'il, abwanamkubwa a Madina m'nthawi ya Khalifa Abd al-Malik, ankalengeza za uhda mu khutba zawo. Taganizani: waranti kulengezedwa pa mimbari! Inali ya mitundu iwiri. Ya masiku atatu: chilichonse chogwera kapolo m'masiku amenewo chinali pa wogulitsa. Ya chaka chimodzi: inali ya matenda atatu okha, misala, khate, ndi nthenda yoyeretsa khungu yotchedwa baras, chifukwa matenda amenewa amabisala nthawi yaitali asanaonekere.

Nzeru ya uhda ndi iyi. Pa lamulo la chilema, wogula ayenera kuonetsa kuti vutolo linalipo kale asanalandire katundu, ndipo zimenezi nthawi zambiri n'zovuta. Uhda imachotsa mtolo umenewo: vuto likaoneka m'kati mwa nthawi yoikika, limawerengedwa kwa wogulitsa popanda kufufuza tsiku limene linayamba. Waranti ya miyezi itatu pa injini ndi giyabokosi ikuchita zomwezo: yatchula nthawi, yatchula ziwalo.

Imam Malik anailandira uhda chifukwa inali chizolowezi cha anthu a ku Madina, koma anaiika pa akapolo okha. Imam Abu Hanifa ndi Imam Shafi'i sanailandire. Kwa iwo katundu akalowa m'manja mwa wogula, chogwa pambuyo pake ndi cha wogula. Ibn Rushd wa ku Cordoba, amene anamwalira m'chaka cha 1198, anafotokoza mkangano umenewu mu Bidayat al-Mujtahid. Choncho m'madhhab athu waranti sibwera yokha ndi malonda. Imene imabwera yokha ndi ufulu wa chilema chakale. Waranti ndi lonjezo lowonjezera, ndipo lonjezo limafika pamene mawu ake afika.

Zimene mabuku a madhhab athu akunena

Chisilamu chinafika kuno kudzera kugombe la Kilwa ndi Zanzibar, ndipo chinabwera ndi madhhab a Imam Shafi'i. Buku limene ma kadhi a kugombeko ankadalira kwambiri ndi Minhaj al-Talibin la Imam al-Nawawi, amene anamwalira m'chaka cha 676 Hijri (1277). Mfundo zake zisanu zikukhudza galimoto mwachindunji.

Yoyamba: chilema chopatsa ufulu wobweza ndi chakale, chimene chinalipo wogula asanalandire katundu, chochepetsa mtengo kapena ntchito yake. Awiriwo akatsutsana ngati ndi chakale kapena chatsopano, ndipo zonse n'zotheka, mawu a wogulitsa ndi amene amatengedwa, koma ndi lumbiro. N'chifukwa chake umboni wa akatswiri unali wofunika. Mabuku a oyang'anira misika, monga Nihayat al-Rutba la al-Shayzari la m'zaka za m'ma 1100, ali ndi mitu yapadera ya ogulitsa ziweto ndi ya madotolo a ziweto. Dotolo wa ziweto wa nthawi imeneyo ndi makaniko wa lero.

Yachiwiri: kubweza kuchitike msanga chilema chikangodziwika. Wogula apite kwa wogulitsa, kwa womuimira, kapena kwa woweruza, ndipo aike mboni ngati angathe. Wochedwa popanda chifukwa ufulu wake umatha.

Yachitatu: aleke kugwiritsa ntchito katunduyo. Al-Nawawi anafika ponena kuti ngakhale kusiya chishalo pamsana pa chiweto kumathetsa ufuluwo, kupatula chiweto cholusa chovuta kukusa, chimene amaloledwa kuchikwera popita nacho kwa mwini wake. Woona kuti injini ikudya madzi, n'kunena kuti ayambe wamaliza maulendo a kachewere a mwezi uno, wasiya chishalo pamsana.

Yachinayi: chilema chatsopano chikachitika m'manja mwa wogula, sangakakamize wogulitsa kulandira katunduyo, koma chilema chakale chija chimalipiridwa ndi gawo la mtengo lotchedwa arsh. Tiyerekeze kuti lole yagulidwa pa K18,000,000. Akatswiri akuti ikanakhala yabwino ikanakwana K20,000,000, koma ndi vuto lakelo ikukwana K15,000,000. Chilemacho chadya gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho wogula abwezeredwa gawo lomwelo la ndalama zimene analipira, K4,500,000. Pali kupatula kumodzi kokoma: ngati chilema chakale sichikanadziwika popanda kuwononga, monga kuswa dzira la nthiwatiwa kapena kucheka vwende la mphutsi m'kati, kuwononga kumeneko sikuletsa kubweza. Mng'alu wa m'kati mwa injini sudziwika popanda kumasula. Komabe pepala la waranti likanena kuti omasula akhale a galaja ya wogulitsa, lonjezo limenelo lisungidwe.

Yachisanu: mfundo yoti "ndilibe mlandu pa chilema" imamasula wogulitsa pa chilema chobisika cha chiweto chimene iye sankachidziwa, basi. Chifukwa chake n'choti chamoyo chimasinthasintha, chimadya chili bwino ngakhale chikudwala. Galimoto si chiweto, choncho m'madhhab athu mawu a pa lisiti aja sachotsa ufulu wa wogula. A Hanafi amawalola mawuwo pa katundu aliyense.

Nanga ndalama za bulekidauni?

Apa ndi pamene m'bale wathu sanamve zimene ankafuna. Mafuta, oyilo ndi sevisi ya masabata asanu ndi limodzi zili ngati msipu wa ngamira: amene ankadya phindu ndi amene amadyetsa. Wogulitsa sangadule ndalama za maulendo amene loleyo inayenda, ndipo wogula sangaitanitse za mafuta amene anathira.

Za kubweza katundu, ma ulama a Shafi'i ananena kuti ndalama zofikitsira katundu wa chilema pamalo pamene analandiridwa zili pa wogula, popeza ali m'manja mwake ndipo ndi iye amene akubweza. Tikayeza bulekidauni ndi muyeso umenewu, ndi ya wogula.

A Maliki anafika patali. Khalil ibn Ishaq wa ku Egypt, wa m'zaka za m'ma 1300, anandandalika mu Mukhtasar yake malo amene wogulitsa wobisa chilema, wotchedwa mudallis, amasiyana ndi wogulitsa wosadziwa. Limodzi mwa malowo ndi lomweli. Wogula akapita ndi katundu kutali n'kupeza chilema, ngati wogulitsa anabisa, kubwerera kwa katunduyo kuli pa wogulitsa. Ngati sanadziwe, wogula amubweze yekha pakakhala pafupi, ndipo pakakhala patali asunge katunduyo n'kulandira arsh. Katundu akawonongeka chifukwa cha chilema chobisidwacho, wotaya ndi wobisayo. Khalil anatchulanso za mkhalapakati wa malonda, amene ife timati dobadoba, ngati ayenera kubweza ndalama yake malonda akathetsedwa. Funso la Uthman labweranso: kodi unkadziwa?

Za tomato wowonongeka ndi hayala ya galimoto ina, mutu wa chilema suzitchula, chifukwa ntchito yake ndi kubweza katundu ndi mtengo. Zimenezi zimalowera khomo lina, la ghurur, kunyenga munthu mpaka kumugwetsa m'mavuto. Wonyenga amalipira zimene chinyengo chake chawononga. Wosanyenga salipira, pokhapokha atalonjeza.

Kuchokera ku Istanbul kufika ku Manama

Pakati pa 1869 ndi 1876, boma la Ottoman linasonkhanitsa fiqh ya malonda ya a Hanafi m'buku la malamulo lotchedwa Majallat al-Ahkam al-Adliyya, motsogozedwa ndi Ahmed Cevdet Pasha. Lili ndi ndime 1,851. Ndime 336 mpaka 355 ndi za chilema cha malonda, ndime 85 ndi mfundo ija ya phindu ndi chiopsezo, ndipo ndime 658 ikuika mlandu wa zowonongeka pa munthu wonyenga mnzake m'kati mwa mgwirizano wa malonda. Zimene zinayambira pa mulu wa chakudya ku Madina zinasanduka ndime zokhala ndi manambala m'makhoti a Damascus ndi Baghdad.

Makina atachuluka panabuka funso latsopano: kodi n'kololedwa wogulitsa kulonjeza kukonza chinthu chimene mwina sichidzawonongeka, popeza Shariya imaletsa malonda a zosadziwika? International Islamic Fiqh Academy inakambirana za mgwirizano wokonza katundu pa msonkhano wake wa ku Manama, Bahrain, mu November 1998. Chigamulo chake nambala 103 chinati kukonza kumene wogulitsa walonjeza m'kati mwa malonda kwa nthawi yodziwika n'kololedwa, kaya akupereka ntchito yokha kaya ndi zipangizo zomwe. Uhda imene inali ya akapolo okha, ndiponso ya madhhab amodzi, inabwerera ngati lonjezo lolembedwa limene onse angalilandire.

Dziko lathu lilinso ndi malamulo ake. Sale of Goods Act, yotengera lamulo la ku England la 1893, imapatsa khoti mphamvu yowerengera zotayika zochokera mwachindunji ku kuswa lonjezo la malonda. Palinso Consumer Protection Act ya 2003, ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a ogula. Khoti likhoza kupereka zambiri kuposa zimene Minhaj ikupereka. Msilamu wopita kumeneko apite ndi zoona zokhazokha, asakweze ndalama za bulekidauni ngakhale kwacha imodzi, pakuti chigamulo cha woweruza sichisandutsa bodza kukhala halali.

Kubwerera pa Chimbiya

Injini ya m'bale wathu itamasulidwa, makaniko anapeza mng'alu wakale pa hedi, womatidwa ndi guluu. Chilema chinali chakale, ndipo waranti inali isanathe. Za injini panalibe mkangano. Wogulitsa anati iye sanamate, loleyo inatsika m'sitima ili choncho. Mwina ankanena zoona, popeza magalimoto ambiri akuno amadutsa m'manja mwa anthu angapo kuchokera ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban, asanafike kwa ife. Panalibe mboni yoti ankadziwa, ndipo pepala lija silinatchule za kukoka galimoto.

Ndinamuuza m'baleyo kuti injini ndi ufulu wake, bulekidauni ili pakati, ndipo za tomato alibe pogwira pokhapokha chinyengo chitaonekera. Ndinamulangiza njira ya sulh, kuyanjana. Anapita ndi akuluakulu awiri a pamzikiti, ndipo wogulitsa anavomera kubweza theka la ndalama za bulekidauni. Za tomato ndi za hayala anazisiya. Sanakondwe kwenikweni, koma loleyo ikuyenda, ndipo ngongole ya mlamu wake akubweza.

Aphunzitsi anzanga, mutu wa malonda tisamauthamange ngati kuti fiqh imathera pa twahara ndi Swala. Ana amene tikuwaphunzitsa lero mawa akhala akugula njinga zamoto za kabaza, zigayo ndi malole. Adziwe kuti ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat al-Baqara, ndi yolamula kulemba ngongole ndi kuika mboni pa malonda. Wogula afunse asanapereke ndalama: waranti ikutha liti, ikukhudza ziwalo ziti, galimoto ikafera panjira akoka ndani, ikonzedwa masiku angati? Mayankho alembedwe papepala lomwelo. Asunge malisiti a sevisi. Vuto likaoneka aime pomwepo, ajambule, aimbe foni tsiku lomwelo pamaso pa mboni.

Ndipo inu abale amene mumagulitsa, kaya ndi galimoto ku Lilongwe kaya ndi thumba la kachewere pano pamsika, lija la zikuluzikulu pamwamba ndi timanyenyeswa pansi, kumbukirani kuti Ibn Umar anali ndi mfundo yomuteteza m'malonda ake, komabe atafunsidwa lumbiro anasankha kubweza madirham 800. Chimene mukuchidziwa, chitchuleni wogula asanatulutse ndalama.

Allah ndi Amene akudziwa bwino.